Sylvia Tamale: momwe kafukufuku wa jenda ndi zakugonana amachokera m'kalasi kukafika kukhothi

Kumapeto kwa chaka cha 2003, nyuzipepala ya New Vision ya ku Uganda inapempha owerenga ake kuti asankhe mayi woipitsitsa wa chaka chimenecho. Amene anamusankha sanali wakuba ndalama za boma kapena wopha munthu. Anali mphunzitsi wa zamalamulo pa yunivesite ya Makerere ku Kampala, mayi Sylvia Tamale. Mlandu wawo unali umodzi: pamene dziko linkakambirana zokhazikitsa bungwe loonetsetsa kuti anthu onse akupatsidwa mwayi wofanana, iwo ananena poyera kuti amuna ndi akazi ogonana okhaokha nawonso awerengedwe m'gulu la anthu osalidwa amene bungwelo liziwateteza. Chaka chotsatira, mu 2004, mayi omwewo anakhala mkulu wa nthambi yonse ya zamalamulo pa Makerere. Anali mayi woyamba kukhala pa mpando wotere m'dziko la Uganda, ndipo anakhalapo mpaka 2008.

Anthu ambiri akamva za munthu wotere amaganiza kuti ntchito yake ndi yongolankhula pa wailesi ndi kunyamula zikwangwani. Mbiri ya a Tamale ikusonyeza zina. Kulankhula kumabwera kumapeto. Kumbuyo kwake kumakhala zaka zofunsa anthu mafunso, kuwerenga mabuku a zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo, kulondola komwe ndime ya lamulo inachokera, ndi kulemba zimene akatswiri ena angaziunike n'kuzitsutsa. Popanda zimenezi, mawu a munthu womenyera ufulu sachedwa kuphwa akakumana ndi loya wa boma.

Maphunziro ndi makwerero a pa yunivesite

A Tamale anabadwa mu 1962, chaka chimene Uganda inalandira ufulu wodzilamulira. Digiri yoyamba ya zamalamulo anaitenga ku Makerere mu 1985, yachiwiri ku Harvard m'dziko la America mu 1988. Ya udokotala anaitenga ku yunivesite ya Minnesota mu 1997, koma osati m'zamalamulo. Anatembenukira ku maphunziro ofufuza kakhalidwe ka anthu ndi nkhani za amayi. Kusinthaku ndi kumene kunaumba ntchito yawo yonse. Loya amaphunzitsidwa kuwerenga zimene lamulo likunena. Wofufuza kakhalidwe ka anthu amaphunzitsidwa kupita kukaona zimene lamulolo likuchita kwa mayi wa kumsika, wa kumunda kapena wa m'kalasi. Ziwirizi nthawi zambiri zimasiyana kutali, ndipo mpata wapakatiwo ndi umene iwo akhala akuufufuza.

Ndi bwino kudziwa mmene munthu amakwerera pa yunivesite, chifukwa pamenepa ndi pamene ambiri ofuna kuphatikiza uphunzitsi ndi kumenyera ufulu amagwera. Makwerero ake ndi odziwika: wothandizira mphunzitsi, mphunzitsi, mphunzitsi wamkulu, wachiwiri kwa pulofesa, kenako pulofesa. Komiti yokweza anthu imawerenga makamaka mabuku ndi nkhani zosindikizidwa m'magazini a akatswiri, zimene zinadutsa m'manja mwa ounika osadziwika kwa mlembi. Kalata ya m'nyuzipepala, umboni wokapereka kukhothi, kapena sabata yophunzitsa aphungu, sizikweza munthu. Choncho amene wataya mtima wonse pa misonkhano amakalamba ali pa sitepe yomweyo, ndipo adani ake amapeza ponyozera kuti si katswiri weniweni. A Tamale anachita zosiyana: nkhondo iliyonse imene analowamo anaisandutsa nkhani yosindikizidwa. Ngakhale chipongwe cha 2003 anachilemba n'kuchiunika m'magazini ya Feminist Africa, imene inayamba kutuluka mu 2002 ku yunivesite ya Cape Town motsogozedwa ndi a Amina Mama.

Thadzi likayamba kulira

Buku lawo loyamba, When Hens Begin to Crow, linatuluka mu 1999 kuchokera pa kafukufuku wa digiri ya udokotala ija. Mutu wake unachokera pa msonkhano wa kampeni, pamene bambo wina wa m'gulu la omvera anafunsa mayi amene ankaima pa chisankho ngati anamvapo thadzi likulira ngati tambala. Kwa Aganda, mtundu waukulu wa ku Uganda, monganso kwa ife, zimenezo ndi malodza. Amene anatsatira chisankho cha ku Malawi cha 2014 akukumbukira mawu akuti ng'ombe yaikazi siikoka ngolo, amene ankanenedwa pofuna kugwetsa a Joyce Banda. Maganizo ake ndi amodzi.

Funso la bukuli linali lakuti: kodi kusungira amayi mipando ku Nyumba ya Malamulo kumasintha chiyani? Uganda inayamba zimenezi mu 1989, pansi pa boma la a Yoweri Museveni. Boma lililonse la m'dzikomo, monga mmene kuno tilili ndi Dedza kapena Mzimba, linapatsidwa mpando umodzi wa phungu wamayi, kuwonjezera pa mipando ya madera imene aliyense angapikisanepo. Malamulo aakulu a dziko a 1995 anakhazikitsa dongosololi, nawonjezera kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando ya m'makhonsolo likhale la amayi. Kuyambira 1994 mpaka 2003 wachiwiri kwa pulezidenti analinso mayi, a Specioza Kazibwe. Poyang'ana kunja, zinthu zinkaoneka kuti zayenda.

A Tamale anakhala m'nyumbamo kumvetsera zokambirana, anacheza ndi aphungu, anatsatira ena ku madera awo. Zimene anapeza n'zothandiza dziko lililonse lofuna kutengera njirayi. Choyamba, mipandoyo inangowonjezeredwa pamwamba, palibe bambo anataya mpando wake, ndipo anthu anayamba kuona mipando ya madera ngati ya abambo. Mayi akafuna kupikisana kumeneko ankauzidwa kuti apite ku mpando wa amayi. Chachiwiri, aphungu aakaziwo sankasankhidwa ndi anthu onse ayi, koma ndi kagulu ka osankha kochokera m'makhonsolo, momwe abambo ndi otsatira boma anali ndi mphamvu. Izi zinasintha mu 2006. Chachitatu, mayi wa mpando wotere amayimira boma lonse, dera lalikulu kuposa la phungu wamba, kotero kuti maliro, fizi ndi zopempha zina zimamuchulukira. Ndipo chachikulu pa zonse, mwayi umene waperekedwa ndi wolamula ngati mphatso umabwera ndi ngongole. Wolandirayo amavutika kutsutsa amene anamupatsa.

Chitsanzo chowawa chinachitika mu 1998. Phungu Miria Matembe anabweretsa ndime yoti mkazi ndi mwamuna akhale eni ake onse a malo amene banja likukhalapo ndi kulimapo. Ndimeyo inakambidwa m'nyumbamo, koma lamulo la malo litasindikizidwa inapezeka kuti mulibe. Mpaka lero ku Uganda amaitchula kuti ndime yotayika. Amayi anali m'nyumbamo ambiri ndithu, koma kuchuluka kwawo sikunakwanitse kuibweza.

Kukaphunzira kwa azakhali

Ntchito imene ikuonetsa bwino luso la a Tamale ndi ya mu 2005, yofufuza za ssenga. Kwa Aganda, ssenga ndi azakhali, mlongo wa bambo. Iwo ndi amene ali ndi udindo wolangiza mtsikana za thupi lake, za ukhondo, za kuchipinda ndi za banja, ndipo ukwati ukagwedezeka amathamangirako. Kwa ife ntchito imeneyi imagawidwa pakati pa anamkungwi, alangizi ndi ankhoswe.

Wophunzira wongobwera kumene kuchokera kunja akanatha kuweruza mwambowu asanauone: wangokhala sukulu yophunzitsa mkazi kugonjera mwamuna. A Tamale anapita kukakhala nawo pa zilangizozo ndi kucheza ndi alangiziwo. Anapeza kuti mwambowu sunafe ndi moyo wa m'tauni koma wasintha nkhope. Mu Kampala muli assenga olipidwa, osakhala achibale, amene amaitanidwa ku maphwando a mkwatibwi, amalankhula pa wailesi, amalemba m'nyuzipepala, ndipo ena amafika ndi ku mayunivesite. Anapezanso kuti malangizo ake ali pawiri. Mbali ina ndi yoona kuti imaphunzitsa kugwada, kupirira ndi kusangalatsa bambo. Koma m'chipinda chomwecho amayi amauzana kuti mkazi nayenso ayenera kukhutira, kuti akhale ndi kabizinesi kake asamangodalira thumba la mwamuna, ndiponso mmene angapezere zofuna zake m'banja popanda kukangana. Zimene zimaoneka ngati kugonja pabwalo, m'kati mwake muli nzeru zodzitetezera.

Nkhani inavuta kwambiri ndi ya kukoka, mwambo umene Aganda amautcha kukacheza kutchire, ndipo umadziwikanso m'madera ambiri a Malawi, Zambia, Rwanda ndi Mozambique. Mu 1997 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linauika mwambowu m'gulu lachinayi la mdulidwe wa amayi, pamodzi ndi miyambo yovulaza. A Tamale anatsutsa. Anati kudula chiwalo n'cholinga chopha chilakolako cha mkazi, ndi kukoka kumene amayi eni ake amati kumawonjezera chisangalalo, sizingaikidwe m'thumba limodzi popanda kufunsa eni matupiwo. Mfundoyi ndi yolimba, koma ili ndi malire amene wowerenga ayenera kuwaona. Amene amayamba kukoka nthawi zambiri ndi mwana wosatha msinkhu, wouzidwa ndi akuluakulu kuti akapanda kutero sadzakwatiwa kapena adzabwezedwa. Mayi wamkulu wosankha yekha ndi mwana woopsezedwa si anthu ofanana, ndipo kafukufuku wabwino amawalekanitsa.

Phunziro lalikulu la ntchitoyi ndi lakuti chikhalidwe si mdani wa amayi nthawi zonse, monganso lamulo lolembedwa si bwenzi lawo nthawi zonse. Maganizo amenewa anawakulitsa m'buku limene anasonkhanitsa mu 2011, African Sexualities, la masamba oposa 600, momwe muli nkhani za akatswiri pamodzi ndi ndakatulo, nthano ndi mbiri za anthu. Dandaulo lawo linali lakuti kwa zaka zambiri zolembedwa za kugonana kwa Aafirika zinkachokera kwa anthu atatu: mtsamunda woona Mwafirika ngati wosadziletsa, wa zakulera wowerenga ana, ndi wa zaumoyo wowerenga odwala Edzi. Onsewa amaona matenda, nkhanza ndi mimba basi. Chikondi, chisangalalo ndi chilakolako sizinkapezeka, ngati kuti Aafirika alibe. Mbiri ya Sarah Baartman, mayi wa ku South Africa amene anamutengera ku London mu 1810 kukamuonetsa kwa anthu ngati chodabwitsa, ndipo mafupa ake anabwezedwa kwawo mu 2002, imasonyeza komwe kaonedwe kameneka kanayambira.

Zimene zimasokonekera pofufuza

Kafukufuku wa zakugonana ali ndi misampha yake. Woyamba ndi chinenero. Nkhani za kuchipinda sizikambidwa ndi mawu olunjika. Zimayenda m'mikuluwiko, m'nyimbo, m'mikanda ndi m'zizindikiro. Wofufuza wobwera ndi pepala la mafunso lolembedwa m'Chingerezi, n'kulimasulira liwu ndi liwu, amamveka ngati wotukwana, ndipo anthu amangomuyankha zomuchotsa pakhomo. Wachiwiri ndi kucheza pagulu. Amayi khumi akakhala pamodzi amanena zimene mudzi umavomereza, osati zimene amachita. Kucheza pagulu kumathandiza kudziwa malamulo a mudzi. Zochitika zenizeni zimatuluka pocheza ndi munthu mmodzi, pamalo amene iye wasankha, kawirikawiri pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu. Wachitatu ndi amene akufunsayo: msinkhu wake, kaya ndi wapabanja, kaya ndi mwamuna kapena mkazi. Mtsikana wosakwatiwa sangauzidwe zinsinsi za achembere ngakhale atanyamula kalata ya yunivesite.

Msampha woopsa kwambiri ndi wa chitetezo. Kumene khalidwe lina ndi mlandu, monga uhule kapena kugonana kwa amuna okhaokha, kope la wofufuza likhoza kusanduka umboni wa apolisi. N'chifukwa chake mayina enieni salembedwa pamodzi ndi mayankho, mawu ojambulidwa amafufutidwa akangolembedwa papepala, chilolezo chimatha kutengedwa pakamwa m'malo mosainitsa, ndipo polemba lipoti amasintha mudzi, ntchito ndi chilichonse chimene chingaloze munthu. Kusintha dzina lokha sikokwanira ngati m'mudzimo muli telala mmodzi yekha.

Lamulo linachokera kuti

Mtsutso umene a Tamale akhala akukumana nawo kwambiri ndi wakuti kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha ndi khalidwe lobwera ndi azungu. Yankho lawo limayenda m'njira ziwiri. Yoyamba ndi mbiri ya anthu: kwa Alangi a kumpoto kwa Uganda kunali anthu otchedwa mudoko dako, amuna amene ankakhala ngati akazi ndipo ankatha kukwatiwa, ndiponso mbiri ya Kabaka Mwanga II, mfumu ya Aganda, ndi anyamata a kunyumba yake yachifumu, imene ili mbali ya nkhani ya ofera chikhulupiriro a ku Namugongo mu 1886. Yachiwiri ndi mbiri ya lamulo lenilenilo. Ndime 145 ya malamulo a milandu a Uganda, yoletsa kugonana kotsutsana ndi chilengedwe, sinalembedwe ndi mafumu a Buganda. Muzu wake ndi ndime 377 ya malamulo amene Angerezi analembera India mu 1860, ndi malamulo a Queensland ku Australia a 1899, amene anakoperedwa m'maiko ambiri olamulidwa ndi Britain. Ndime 153 ndi 156 za ku Malawi ndi za banja lomwelo. Munthu akhoza kudana ndi khalidwelo pa zifukwa za chipembedzo chake, koma sanganene moona kuti lamulo lolanga linachokera kwa makolo.

Pa 14 October 2009, phungu David Bahati anabweretsa bilu yokhwimitsa zilango, mpaka chilango cha imfa pa milandu ina. Mwezi wotsatira panachitika mtsutso wapoyera ku Makerere, a Bahati ali pomwepo. Mmene a Tamale anayalira mfundo zawo ndi chitsanzo cha ntchito yochitidwa mwaluso. Sanayambe ndi kunyoza. Anavomereza kuti kulimbitsa mabanja ndi kuteteza ana ndi zolinga zabwino. Kenako anafunsa kuti banja la makolo limene biluyo ikuteteza ndi liti, poti mitundu ya Aafirika ili ndi maukwati osiyanasiyana. Anaonetsa kuti kugwirira ana ndi kugwiririra akuluakulu ndi milandu kale, kotero mbali imeneyo inali kungobwereza. Atatero analoza ndime zokhudza aliyense. Ina inkalamula kuti munthu waudindo akadziwa za mchitidwewu akanene pasanathe maola 24, apo ayi akhale m'ndende mpaka zaka 3. Ndiye kuti kholo likapereke mwana wake, dokotala wodwala wake, m'busa nkhosa yake, mphunzitsi wophunzira wake. Ina inkaletsa chilichonse chooneka ngati kulimbikitsa mchitidwewu, zimene zikanatha kutseka pakamwa ofufuza, atolankhani ndi a zaumoyo. Inanso inkafuna kufafaniza mapangano a maiko onse otsutsana ndi biluyo. Njira imeneyi imagwira ntchito chifukwa imasuntha funso: womvera safunikanso kukonda anthu akukambidwawo, amangofunika kuona kuti lamulolo lifika pakhomo pake.

Biluyo inavomerezedwa pa 20 December 2013, chilango cha imfa chitachotsedwa, ndipo a Museveni anaisainira pa 24 February 2014. Pa 1 August chaka chomwecho khothi loona za malamulo aakulu linaithetsa, pa mlandu umene dzina loyamba pa odandaula linali la Pulofesa Joe Oloka-Onyango, amuna awo a mayi Tamale. Koma chigamulocho chinaima pa mfundo imodzi: tsiku lovota aphungu sanakwane gawo limodzi mwa atatu limene limafunika. Khothi silinanene kanthu za ufulu wa anthu. Kupambana kotere n'kofulumira koma kosakhalitsa, chifukwa Nyumba ya Malamulo ingathe kungodzaza mipando n'kuvotanso.

Bungwe la mwayi wofanana lija nalo lili ndi nkhani yake. Lamulo lolikhazikitsa litatuluka mu 2007, munali ndime yoliletsa kufufuza nkhani iliyonse yokhudza khalidwe limene anthu ambiri amaliona ngati lonyansa. Loya Adrian Jjuuko anakaitsutsa kukhothi, ndipo inathetsedwa mu November 2016, patatha zaka 13 chichitikire chipongwe cha mu nyuzipepala chija.

Siketi yaifupi ndi maliseche a agogo

Mu February 2014 momwemo Uganda inakhazikitsanso lamulo loletsa zolaula. Mawu akuti siketi yaifupi munalibe m'lamulomo, koma tanthauzo la zolaula linali lotambalala kwambiri, ndipo zolankhula za nduna yoona za makhalidwe, a Simon Lokodo, zinapangitsa anthu kukhulupirira kuti zovala zazifupi zaletsedwa. Magulu a abambo anayamba kuvula amayi m'misewu. A ku Malawi sakufunika kufotokozeredwa zambiri: lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi mpaka 1993, ndipo mu January 2012 amayi anavulidwa m'misika ya Lilongwe ndi Blantyre ngakhale lamulolo linali litatha kalekale. Lamulo losamveka bwino limapatsa mphamvu munthu aliyense wa pamsewu kuti akhale wapolisi ndi woweruza. A Tamale anali mmodzi wa okadandaula kukhothi pamodzi ndi mabungwe a amayi, ndipo mu August 2021 khothi linathetsa ndime zikuluzikulu za lamulolo. Zinatenga zaka 7.

Pa 28 October 2016 anakamba nkhani yawo yolandirira upulofesa, mwambo umene pulofesa amaonetsa anzake ndi dziko chimene waphunzira. Anasankha mutu wovuta: kuvula pochita zionetsero. Mu April 2015 amayi achikulire a ku Apaa m'boma la Amuru anavula pamaso pa nduna ziwiri pokana kulandidwa malo. Mu April 2016 Dr Stella Nyanzi, wofufuza wa pa Makerere, anavula pa yunivesite pomwepo pa mkangano wa ofesi yawo. Ku Kenya amayi a akaidi a ndale anachitanso chimodzimodzi ku Uhuru Park mu 1992. Mfundo ya a Tamale inali yakuti thupi la mayi wovula mokwiya silikuitana mwamuna, likutemberera. M'miyambo yambiri ya mu Africa ichi ndi chida chomaliza cha munthu amene njira zonse zamutsekekera, ndipo mphamvu yake imachokera pa umayi. Lamulo likachiika m'gulu la zolaula limakhala lalephera kumva chimene chikunenedwa.

Kukonza m'nyumba mwawo

Ntchito ina yosatchuka koma yokhudza anthu ambiri ndi ya nkhanza zogonana pa yunivesite. A Tamale anali m'gulu la amene analimbikira kuti Makerere ikhale ndi ndondomeko yothana ndi mchitidwewu, imene inakhazikitsidwa mu 2006. Mu 2018, nkhani za aphunzitsi ofuna kugona ndi ophunzira kuti awapatse malikisi zitaphulika pa kanema, mkulu wa yunivesite a Barnabas Nawangwe anawasankha kutsogolera komiti yofufuza, ndipo ndondomeko ija inakonzedwanso.

Chifukwa chimene ndondomeko zotere zimafera m'kabati n'chodziwika. Wodandaula amauzidwa kukanena kwa mkulu wa dipatimenti, amene amadya nkhomaliro ndi wodandauliridwayo. Mphunzitsi yemweyo amapitiriza kuchonga mayeso a wodandaula mlandu uli m'kati. Palibe masiku oikika oti nkhani ithe, choncho imakokedwa mpaka wophunzira atamaliza sukulu. Malikisi amasungidwa ndi munthu mmodzi, ndipo akasowa wophunzira amayenera kukawapempha yekha mu ofesi yotseka. Mankhwala ake ndi osavuta kuwatchula: makomo angapo okadandaulirako, komiti yosadalira dipatimenti, kusintha wochonga tsiku lomwelo, malire a masiku pa sitepe iliyonse, malikisi olowetsedwa mu kompyuta momwe aliyense wosintha amasiya chizindikiro, ndi chilango kwa wobwezera. Ku Malawi lamulo la jenda la 2013 linaika kale mchitidwewu kukhala mlandu, kotero mafunso omwewa ndi oyenera kufunsidwa pa sukulu zathu za ukachenjede.

Pomwe ntchitoyi ikuperewera

Pali zodzudzula zoyenera kuzimva. Pafupifupi zonse zimene a Tamale analemba zili m'Chingerezi cha akatswiri, chimene ssenga amene anawaphunzitsa sangachiwerenge. Ndalama zambiri za kafukufuku wotere zimachokera kunja, ndipo ngakhale mfundo zikhale zoona, otsutsa amapeza chonena kuti wolipira ndiye mwini nyimbo. Komanso khothi likhoza kufafaniza ndime koma silisintha mtima wa anthu, makamaka pa nkhani imene mipingo ndi mizikiti yagwirizana. Buku lawo la 2020, Decolonization and Afro-Feminism, likuyesa kuyankha zina mwa izi. Likunena kuti ufulu wa amayi umangidwe pa umunthu, nzeru yakuti munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, m'malo modalira chinenero cha mapangano a ku Geneva chokha. Limayerekezanso mmene dziko linachitira ndi akatswiri a masewera awiri: wosambira Michael Phelps, amene thupi lake losiyana ndi la ena linatamandidwa ngati mphatso, ndi wothamanga Caster Semenya, amene thupi lake linayezedwa ndi kukayikiridwa ngati ndi la mkazi. Ngati umunthu ungakwanitse kuteteza munthu amene mudzi womwewo wamukana, ndi funso limene likadali lotseguka, ndipo ndi lolemera kuposa mmene okonda mawuwa amavomerezera.

Mu 2023 zimene ankaopa mu 2014 zinachitika. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano aphungu atadzaza, ndipo pa voti yomaliza ya pa 2 May wotsutsa anali mmodzi yekha, a Fox Odoi-Oywelowo. Lamuloli lili ndi ndende ya moyo wonse, chilango cha imfa pa milandu ina, ndi zaka 20 kwa wopezeka akulimbikitsa mchitidwewu, ndime imene ingakhudze ngakhale wophunzitsa kapena wosindikiza kafukufuku. A Tamale anali m'gulu la okalitsutsa kukhothi. Pa 3 April 2024 oweruza anakana kulithetsa lonse. Anachotsamo ndime zochepa: yolanga eni nyumba ochititsa lendi, yokhudza kupatsira matenda osachiritsika, ndi yokakamiza anthu kukanena anzawo kupolisi, imene a Tamale anaitsutsa pamaso pa a Bahati mu 2009. Odandaulawo anachita apilo ku khothi lalikulu kwambiri la dzikolo.